APOLISI AYAMBE NDI NDANI PA INTANETI: WONYOZA BWANA KAPENA WOBA MPAMBA WA VENDA?

Masiku ano mbava sivutikanso n'kuthyola loko wa pa okala kapena kudikira mdima kuti iboole khoma la golosale. Imangokhala phee pomwe ili, kaya ndi m'nyumba kaya ndi m'ndende momwe, n'kukutumizirani kauthenga pafoni, ndipo pofika madzulo mpamba wonse womwe mwakhala mukusonkhanitsa chaka chathunthu wapita. Foni yomweyo ndi imenenso ena akugulitsira mavidiyo a ana, kunyengerera atsikana ndi ntchito zabodza zakunja, komanso kufalitsira mphekesera zomwe zimaphetsa anthu osalakwa.

Yonseyi ndi milandu ndipo malamulo ake alipo. Koma apolisi athu ngochepa, galimoto nzochepa, za mafuta ndiye musachite kufunsa. Sangathamangitse onse nthawi imodzi, ayenera kusankha basi. Tsono funso lomwe lakhala likundizunguza mutu, lomwe ndati tikambirane lero abale anga a m'misika, ndi lakuti akamasankha woyamba kumuthamangitsa, amasankha ndani?

Lamulo lidati chiyani?

Mu 2016 aphungu a Nyumba ya Malamulo adakhazikitsa lamulo lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe ndi loona za malonda ndi milandu ya pa foni ndi pa kompyuta. Ine ndidalifunafuna lamuloli n'kuliwerenga, ngakhale Chingerezi chake n'chofuna kumwera madzi, ndipo chomwe ndidaona n'chakuti olemba ake adayika okha milanduyi m'ndondomeko ya kukula kwake.

Gawo 85, lokhudza zithunzi ndi mavidiyo olaula a ana, lidayika chindapusa cha K10 miliyoni ndi zaka 15 kundende. Gawo 86, lokhudza kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa makina amenewa, lidayika K2 miliyoni ndi zaka 5. Gawo 87, lokhudza mauthenga onyoza ndi osokoneza mtendere wa munthu, lidangoyika K1 miliyoni ndi miyezi 12.

Ngakhale mwana wa pulayimale atha kuona kuti zaka 15 n'zambiri kuposa miyezi 12. Aphungu adanena poyera kuti mlandu waukulu ndi uti, waung'ono ndi uti. Munthu ukadayembekeza kuti mphamvu za apolisi zitsatira ndondomeko yomweyi. Tiyeni tione ngati ndi momwe zakhala zikuyendera.

Omwe amagwidwa tambala asanalire

Mu Febuluwale 2016, lamuloli lisanabwere n'komwe, boma la DPP lidanjata akuluakulu atatu a chipani cha MCP, a Jessie Kabwila, a Ulemu Msungama ndi a Peter Chakwantha, kaamba ka zomwe ankacheza pa gulu la WhatsApp. Adawaganizira mlandu wofuna kugwetsa boma. Palibe ndi mmodzi yemwe adapezeka wolakwa, ndipo a Msungama adadzakhala nduna mu 2020 chipani chawo chitalowa m'boma.

Ena tidati popeza awa alawako okha kuwawa kwake, zoterezi zatha. Ayi ndithu. Mu Januwale 2022 apolisi adamanga a Joshua Chisa Mbele kaamba ka zomwe adalemba pa Facebook zokhudza akuluakulu ena ndi ndalama, ndipo adawazenga mlandu woyipitsa mbiri ya yemwe anali mkulu wa asilikali nthawiyo, a Vincent Nundwe. Mu Epulo chaka chomwecho adagwira mtolankhani Gregory Gondwe ku Blantyre, n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa yemwe adamupatsa chikalata cha boma chomwe adatulutsa pa intaneti. Mwezi wotsatira namwino wina adalowa m'chitokosi ati chifukwa chonyoza mtsogoleri wa dziko pa gulu la WhatsApp.

Nkhani yomwe idagwedeza dziko ndi ya pa 6 Disembala 2022. Mbandakucha apolisi adazinga nyumba ya mayi Martha Chizuma, omwe panthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, n'kuwatengera ku polisi ya Namitete. Chifukwa chake? Mawu awo omwe munthu wina adajambula mobisa akucheza pafoni, n'kuwamwaza pa WhatsApp, ndipo wodandaula anali mkulu wozenga milandu ya boma, a Steven Kayuni. Mu Januwale 2023 a Kayuni adachotsedwa paudindo ndipo posakhalitsa mlanduwo udathetsedwa. Mu Febuluwale 2024 apolisi adalandanso mafoni ndi makompyuta a antchito 14 a MBC pofufuza tsamba lina la Facebook lomwe linkagwiritsa ntchito dzina la wailesiyo mwachinyengo.

Taonani bwino milanduyi. Galimoto idapezeka, mafuta adapezeka, apolisi adapezeka, ena mpaka kudzuka usiku. Ndipo pafupifupi m'milandu yonseyi wopwetekedwa mtima anali bwana kapena ofesi ya boma.

Nanga wa pa benchi?

Tsono tibwere kuno kwathu. Pitani mumsika wa Limbe, wa Ndirande, wa Tsoka ku Lilongwe kapena wa Zigwagwa ku Mzuzu, mufunse mzere umodzi wokha wa mabenchi ngati pali yemwe adaberedwapo pafoni. Simumaliza mzerewo musanampeze. Ine ntchito yanga n'kuyendayenda m'misikamu kufuna nkhani, ndipo nkhani iyi sindichita kuyifunafuna, imandipeza yokha.

Njira za akathyaliwa mukuzidziwa. Uthenga umabwera wooneka ngati wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wonena kuti mwalandira ndalama. Pasanathe mphindi ziwiri foni yalira, munthu akulira kuti watumiza molakwika, ndalamayo ndi ya maliro kapena ya mwana ali m'chipatala, chonde mubweze. Inu ndi chisoni chanu mutumiza, osadziwa kuti simudalandire kanthu ndipo yomwe mwatumizayo ndi yanu yomwe. Ena amayimbira ma ejenti n'kumati ndife a kukampani, tikukonza nambala yanu, dinani apa ndi apa, kenako lembani nambala yanu yachinsinsi. Ena amati mwawina mphoto koma muyambe mwatumiza ya pulosesi. Ena amayika pa Facebook zithunzi za mabelo a kaunjika, zitenje kapena matumba a feteleza pamtengo wokoma, inu mukatumiza dipoziti nambala ija yazima.

Mayi anga aang'ono amagulitsa kaunjika. Tsiku lina kasitomala wovala bwino adasankha katundu wambiri, n'kunena kuti alipira pafoni. Uthenga udalowadi, iwo adangoona chiwerengero cha ndalama n'kumuthokoza, mpaka kumuthandiza kunyamula. Madzulo atapita kwa ejenti ndi pomwe adamva kuti m'foni mulibe kanthu, uthenga uja udachokera pa nambala wamba. Ndalamayo inali ya ngongole ya ku banki m'khonde. Adabweza ngongoleyo miyezi ingapo, benchi ili pululu, ndipo mpaka lero sidabwerere.

Izi si nkhani za mumsika zokha ayi. Mu 2023 bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira za mafoni ndi mawailesi, lidanena kuti Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha ndalama za pafoni. Pachaka ndiye kuti kupitirira K1.4 biliyoni, ndipo kumbukirani kuti ambiri oberedwa sakanena kulikonse, amangodziguguda pachifuwa. Chodabwitsa china n'chakuti akuluakulu eni ake akhala akuvomereza kuti mauthenga ambiri otere amachokera m'ndende, makamaka ndende yaikulu ya Zomba. Tangoganizani, munthu ali kale m'manja mwa boma, kuseri kwa mpanda, koma akukhuthula matumba a mavenda dziko lonse. Foni imalowa bwanji m'menemo? Amatchajira kuti? Ndalama akaba amakatapa ndani kunja kuno? Mafunso amenewa safuna makina odula, amafuna wapolisi wopatsidwa nthawi ndi chilolezo choti afufuze mpaka pamapeto.

Tidauzidwa kuti kalembera wa ma SIM khadi wa mu 2018, pomwe aliyense adalumikiza nambala yake ndi chiphaso cha unzika, athetsa zimenezi. Kalemberayo adachitika, tidayima pa mizere, koma mbava zidangopeza njira ina: kulembetsa ma SIM ambirimbiri pa ziphaso za anthu ena, nthawi zambiri anthu akumudzi omwe sadziwa n'komwe kuti dzina lawo likuba m'tauni.

Ana a ku Njewa ndi atsikana a ku Oman

Kuba ndalama n'kowawa, koma pali zina zoposa apo. Mu Juni 2022 wailesi ya BBC idaulutsa kafukufuku woonetsa kuti nzika ina ya dziko la China, Lu Ke, yemwe ana ankamutchula kuti Susu, inkajambula ana a ku Njewa, kufupi ndi mzinda wa Lilongwe, ikuwanenetsa mawu a Chitchaina omwe anawo sankawamva, ena mwa iwo odzinyoza okha kaamba ka khungu lawo. Mavidiyowo ankagulitsidwa pa intaneti kwawo ku China. Vidiyo yomwe idautsa mapiri pachigwa idayamba kuzungulira mu 2020, koma padatenga zaka ziwiri, ndipo omwe adalondola mpaka kupeza mudzi ndi munthu wake anali atolankhani, mmodzi mwa iwo Mmalawi mnzathu Henry Mhango.

Nkhani itaphulika mkuluyo adathawa n'kukagwidwira ku Chipata m'dziko la Zambia. Adamubweza kuno, ndipo mu Julayi 2023 bwalo lidamugamula miyezi 12, yomwe anali atakhala kale pa limandi, n'kumulamula kuti atuluke m'dziko muno. Funso langa ndi ili: munthu ankasonkhanitsa ana masana dzuwa likuswa mtengo, pamtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku likulu la apolisi ku Area 30, zidatheka bwanji kuti achite kutiuza ndi a ku London?

Chimodzimodzinso nkhani ya amayi ndi atsikana omwe adapita ku Oman. Ambiri adakopeka ndi anthu owalonjeza ntchito zabwino, ena kudzera pa Facebook pomwepa, koma atafika adalandidwa mapasipoti n'kusanduka akapolo a m'nyumba za eni. Kafukufuku wa BBC wa mu Malichi 2024 adaonetsa kuti chomwe chidawasonkhanitsa n'kuyamba kuwapulumutsa linali gulu la WhatsApp lomwe adayambitsa mayi wina wa Chimalawi wokhala ku America, ndipo amayi 54 adabwerera kumudzi. Ena mwa amayi otere ndi anzathu a geni omwe malonda adawavuta. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, ndipo zotsatsa za ntchito zabodzazi sizibisika, zimayikidwa poyera ndi nambala ya foni pansi pake. Wapolisi mmodzi wokhala ndi foni ndi bandulo, wodziyesa ngati mtsikana wofuna ntchito, atha kukumana nawo maso ndi maso anthu amenewa.

Chifukwa chiyani zili chonchi?

Ndisawanamizire apolisi, si kuti sagwira mbava za pafoni. Timamva ndithu kuti uyu wanjatidwa, uyo wagamulidwa. Ndipo pali zifukwa zenizeni zomwe mlandu wa bwana umathamangira kuposa wa venda.

Choyamba, wonyoza ngosavuta kugwira. Amalemba ndi dzina lake, nambala yake ili pagulu pomwepo, umboni ndi chithunzi chimodzi cha zomwe walembazo, basi mlandu wapsa. Pomwe mbava imagwiritsa ntchito SIM ya dzina la munthu wina, ndalama ikalowa imayidumphitsa pa manambala atatu kapena anayi n'kukayitapa kwa ejenti wa boma lina. Kuti wapolisi alondole, afunika chilolezo cha bwalo, apite nacho ku kampani ya foni, adikire mayankho, kenako apeze thiransipoti yopitira komwe ndalama idatapidwa. Zonsezi pa mlandu wa K50,000, pomwe pa tebulo pake pali mafayilo ena mulu.

Chachiwiri, eni Facebook ndi WhatsApp, kampani ya Meta, ali ku America. Wapolisi wa kuno sangangowayimbira kuti chotsani ichi kapena tiuzeni mwini tsamba ili ndani, pali njira zake zotenga nthawi. Mauthenga a WhatsApp ndiye amayenda otsekedwa, owerenga ndi wotumiza ndi wolandira basi. N'chifukwa chake mukaona munthu wamangidwa pa za pagulu, dziwani kuti kawirikawiri ndi mnzake wa pagulu pomwepo yemwe wakapereka.

Chachitatu, chomwe aliyense amachidziwa koma sachinena mokweza, dandaulo la bwana limalowera kumwamba n'kutsika ngati lamulo, pomwe la venda limalowera pa kauntala n'kuyamba kukwera masitepe. Wapolisi wamng'ono sasankha yekha kopita. Ndiye tikamakamba zosintha ndondomekoyi, tikukamba ndi akuluakulu a ku Area 30 ndi andale omwe amawatuma.

Ndalama nazo zimaonetsa komwe mtima uli. Kumayambiriro kwa 2025, chisankho chili pafupi, zidamveka kuti MACRA ikugula makina a ndalama zokwana 1.5 miliyoni ya madola a ku America ku kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom, ati oti aziunikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mabungwe omenyera ufulu adadandaula kuti makinawo atha kusanduka diso loyang'anira otsutsa. Ine langa ndi funso la venda: ndalama ngati imeneyo ikadapita kophunzitsa ofufuza milandu ya chinyengo m'mapolisi a m'matauni, kapena kotseka mafoni m'ndende, bwenzi mipamba ingati itapulumuka?

Bwalo lidatsegula njira

Pali nkhani yabwino. Mu 2022 aphungu adachotsa m'malamulo mlandu wakale uja woukira boma ndi pakamwa, womwe atsamunda adatisiyira. Kenako mu Julayi 2025 bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu womwe uja wa a Mbele, lidagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkapangitsa kuyipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa ndende, n'losemphana ndi ufulu wolankhula womwe uli m'gawo 35 la malamulo aakuluwo. Tanthauzo lake n'lakuti bwana akaona kuti wayipitsidwa mbiri, apeze loya wake akasumire yekha kubwalo n'kupempha chipepeso, monga achitira wina aliyense. Asatume apolisi omwe timawalipira tonse ndi misonkho ndi ziphaso za mumsika.

Ine ndidabadwa matipate atabwera kale, koma makolo athu amatiuza momwe anthu ankanjatidwira mu 1992 kaamba kongopezeka ndi kalata ya mabishopu kapena kapepala kobwera pa fakisi. Pa 14 Juni 1993 iwo adavotera nyali kuti zimenezo zithe. Fakisi ija lero ndi WhatsApp. Maboma asinthana, a DPP adamanga a MCP, a MCP nawo atalowa anthu adamangidwabe, ndipo chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidabwezera a Peter Mutharika pampando. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wokhala pampando akumbukire kuti unyolo womwe akusula lero udzamuyesa yekha.

Ndikadakhala ine wolemba ndondomeko

Pamwamba penipeni ndikadayika ana: wojambula, wogulitsa kapena wofalitsa zolaula za ana, ndi wowanyengerera pafoni. Apa mpomwe apolisi ayenera kudzukira usiku. Pambuyo pake ozembetsa anthu ndi zotsatsa zawo za ntchito zabodza, chifukwa mtsikana akangokwera ndege kumubweza n'kovuta ndiponso kodula. Kenako mbava za ndalama za pafoni, osati kugwira kamnyamata kamodzi n'kukajambulitsa, koma kutsata chingwe chonse, kuyambira wolowetsa foni m'ndende, wolembetsa ma SIM pa ziphaso za eni, mpaka wotapa ndalama.

Motsatira ndikadayika omwe amamwaza zithunzi zamaliseche za amayi pofuna kuwachititsa manyazi kapena kuwafinya ndalama. Amayi ambiri otere sapita kupolisi poopa kusekedwa kapena kusandutsidwa olakwa iwo omwe, ndipo mantha amenewo ndi omwe amanenepetsa mchitidwewu. Ndikadayikanso mauthenga otuma anthu kukapha kapena kukaotcha. Tisaiwale za anamapopa mu 2017, pomwe mphekesera chabe zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena a kumwera. Uthenga wonena kuti uje ndi wopopa magazi kapena mfiti, tiyeni tikathane naye, umenewo ndi mlandu weniweni, wosiyana kutalitali ndi kunena kuti nduna yakuti yalephera ntchito.

Kunyoza bwana ndikadakuyika kunsi kwenikweni, ndipo mwina pepala likadatha ndisanafikeko. Sindikuti kutukwana n'kwabwino ayi, tidaleredwa ndi mwambo ife. Koma mwano suthetsa mpamba wa munthu, sugulitsa mwana, ndipo wonyozedwayo ali ndi njira ya kubwalo.

Pakadali pano tidziteteze tokha

Podikira kuti akuluakulu amve, anzanga a geni, musakhulupirire uthenga, khulupirirani balansi. Kasitomala akati walipira, dinani nokha muone ngati ndalama yalowadi katundu asanachoke pa benchi, ngakhale akhale wa tayi. Nambala yanu yachinsinsi ndi yanu nokha, wa kukampani weniweni sangakufunseni. Wina akati watumiza molakwika, muuzeni ayimbire kukampani, ndiwo amabweza. Chiphaso chanu cha unzika musabwereke munthu kukalembetsera SIM, chifukwa tsiku lomwe apolisi adzalondole nambalayo adzagogoda pakhomo panu. Mwana wanu akapeza ntchito yakunja pa Facebook, kafunseni ku ofesi ya zantchito musanagulitse katundu kuti mupeze ya pasipoti. Mukaona zokhudza ana, imbani 116 kapena pitani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, ndipo musatumize chithunzicho kwa wina aliyense, ngakhale mukuti mukuchenjeza anzanu, poti kutero n'kufalitsa komwe.

Ndipo mukaberedwa, kaneneni, ngakhale mukudziwa kuti mwina ndalamayo sibwerera. Musafufute uthengawo, lembani nambala, tsiku ndi nthawi, ndipo yambani mwayimbira kukampani ya foni msangamsanga ndalama isanatapidwe. Makomiti a m'misika nawo asamangotolera za maliro zokha. Atakhala ndi kope lolembamo aliyense woberedwa ndi nambala yomwe yamubera, n'kumapita nalo kwa mkulu wa polisi mwezi ndi mwezi, ndi kope lina kwa phungu ndi khansala, dandaulo la venda lingayambe kulemera. Mlandu wa K50,000 ndi wosavuta kuukankhira pansi pa fayilo, koma mavenda 200 obwera ndi nambala zomwezomwezo sangauzidwe kuti mubwere mawa.

A Inspekitala Jenerale, a nduna ya zachitetezo cha m'dziko, a MACRA, tikupempha chinthu chimodzi chosafuna ndalama za adona: chaka chilichonse tiuzeni poyera kuti pa milandu ya pa intaneti mwagwira angati oba ndalama, angati ozunza ana, angati ozembetsa anthu, ndi angati onyoza akuluakulu. Tikaona manambalawo tidzadziwa tokha kuti galimoto ya polisi ikumwera mafuta ndani.